Tsiku Limene Ndinathamangitsa Dzuwa pa Phiri la Zomba

Mukadzamva anthu a pamwamba pa phiri la Zomba akusimba za munthu amene ankathamanga m'mapaini atasenza sola pamutu, musavutike kufunsa dzina. Ndine.

Solayo ndinaigula mu Okutobala, kuzimazima kwa magetsi kutatitopetsa ku Mbedza. Dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa. Batire inkadzaza nkhomaliro isanapse, aneba n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Ine mapewa anakwera.

Ndiye mu Juni kunali chinkhoswe cha mlamu wanga Esinati, kwa apongozi anga, kuphiri konko. Pokonza mwambowo anagwirizana zobwereka jenereta kwa aneba awo, a Namaona, kuti nyimbo ndi zokuzira mawu ziyende. Pakamwa panandiyabwa.

"Jenereta yachiyani, bambo? Kumunsi kuja batire yanga imadzaza msangamsanga. Nanga kuno, kufupi ndi dzuwa?"

Apongozi anakondwa kwabasi. Anapita okha kukauza a Namaona kuti asunge utsi wawo ndi phokoso lawo, iwo ali ndi mkamwini wa sola. (Awiriwa amapikisana pa chilichonse, ngakhale kukula kwa sitiroberi.)

Litatsala tsiku limodzi kuti chinkhoswe chichitike, achinyamata anayeserera magule mpaka batire inatheratu. Ine osadandaula, ndinati mawa kuli dzuwa. Kunacha chiperoni. Nkhungu yake yoti mbuzi ili pakhomo osaiona, kamvula kakuwaza.

Ndinakweza sola padenga, zii. Ndinaipukuta ndi malaya, zii. Akuchimuna anayamba kufika, ine ndikungozungulira nyumba, maso kumwamba.

"Bambo a Chisomo, nyimbo zija bwanji?" akazi anga anandinong'oneza.

"Likubwera," ndinatero, ngati kuti dzuwalo tinapangana.

Kenako ndinaona kuwala pang'ono kutsidya kwa mtsinje. Sola pamutu, batire m'chikwama kumsana, liwiro! Pofika, kuwala kuja kwasamukira kumtunda. Ndinakwera wefuwefu. Kwabwerera kumene ndachokera. Potsika ndinaterereka pa masamba a paini, thalauza la suti n'kung'ambika pamalo posatchulika. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, mtima ukundiwawa zenizeni. Za thalauza zinali zazing'ono, koma apongozi anga, nkhalamba ija, anandikhulupirira pamaso pa mudzi wonse.

Pobwerera ndinamva nyimbo zikugunda. Jenereta! Apongozi anali atapita, chipewa m'manja, kukapepesa kwa a Namaona. A Namaonawo anaibweretsa okha, n'kukhala pampando wakutsogolo, kumwetulira tsiku lonse ngati mkwati ndi iwo.

Ndinaphunzira mochedwa kuti dzuwa la Okutobala sulonjezera zinthu za mu Juni. Apongozi sanandikalipire (bola akanatero, zikanathera pomwepo). Koma mpaka lero ndikapita kukacheza, alendo ena onse amalowa m'nyumba, ine amanditulutsira mpando pabwalo.

"Khalani apa padzuwa, akamwini," amatero. "Muyambe mwadzaza."