Sabata Imene Bokosi Linagona Pabalaza Panga

Lolemba

Ndalowa m'sewero! Ine, wosambitsa nkhalamba ku Edmonton, mu London muno!

Walemba ndi Cathal, mdzukulu wa gogo wina wa ku Ireland amene ndimamusamalira kuntchito. Gulu lawo lilibe nthawi ndi masewero a anthu ena, limangochita atsopano a kwawo, amene sanaonetsedwepo kulikonse. Amakonzekera m'chipinda cha pamwamba pa bala ina ku Tottenham. Fungo la mowa likukwera kudzera m'mipata ya matabwa.

Nkhani yake: nkhalamba yafera mu London, abale akukangana za kutengera mtembo kwawo. Ndikuwauza kuti nkhani imeneyi atibera ife. Akuseka.

Ine ndikhala mayi womusamalira. Ndili ndi tsamba lathunthu loti ndiyankhule, za m'mene ndinamusambitsira komaliza. Orla, mayi wotsogolera gululi, akuti tionetsa Loweruka masana.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi basi. Tamanda, mwana wanga, andione nditaima pa siteji, magetsi ali pa ine. Anzake akamufunsa ntchito yanga amangoti sadziwa. Ndinamumva ndi makutu angawa, ndipo zinandiwawa.

Zogula:
bulauzi yatsopano
lipisitiki
tikiti ya Tamanda, mpando wakutsogolo

Kavuto kamodzi. M'seweroli muli bokosi la maliro, ndipo mwini bala akukana kuti lizigona pansi pa denga lake. Mzungu akuopa! Ine ndi pakamwa pangapa: "Kwathu malo alipo."

Lachiwiri

Labwera pa vani ya Cathal. Ndimayesa ndi la makatoni. Ayi ndithu, lenileni, zogwirira zonyezimira, nsalu yoyera m'kati. Akuti wopanga mabokosi anawapatsa ulere chifukwa munthu amene anamukonzera anachira.

Anachira. Ndiye kuti bokosi lidakadikirabe.

Lili pabalaza, pakati pa sofa ndi wailesi ya kanema. Tamanda, m'Chingerezi monga mwa masiku onse: "Mum, mwapenga." Wanyamula mbale, akudyera kuchipinda.

Cathal wadula theka la tsamba langa, akuti sewero lipume. Anthu awa kusintha ndiye chakudya chawo.

Ndikusita yunifolomu, maso akungothawira komweko. Ndi lalifupi. Sindikufuna kuliyeza, koma msinkhu umenewu ndikuudziwa.

Lachitatu

M'mawa, nyimbo pamasitepe. Ya maliro. Ikukwera pang'onopang'ono, yaima pakhomo panga. Tsitsi langa lonse nyau!

Neba wanga wa ku Zambia anaona bokosi likulowa dzulo, anaimbira munthu mmodzi, mmodziyo anaimbira tchalitchi chonse. Amayi afika atamanga zitenje pamwamba pa majekete. Anyamula shuga, buledi, mkaka, ndi zofunda zoti adzagonere pansi.

Ndikutsegula chitseko. Nyimbo yaduka. Mai Nkhoma, tcheya wa amayi kutchalitchi kwathu, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, mayi, ndi za sewero."

"Nanga likudikira ndani?"

Ndawalowetsa m'nyumba.

Mai Nkhoma anabadwira ku Zimbabwe, koma mwambo amausunga kuposa ife amene tinakulira ku Dedza. "Bokosi siligona lopanda kanthu, mwanawe, limaitana. Kwathu dzenje likakumbidwa popanda mtembo amakwiriramo thunthu la nthochi." Thunthu la nthochi mu London! Atuma munthu kushopu ya a ku Ghana, wabwera ndi mkoko wa nthochi zaziwisi, zochita kuphika zija. Augoneka m'kati, atseka, apemphera. Amwa tiyi wanga. Shuga wawo abwerera naye.

Ndawaitana onse kusewero Loweruka. Ndikanatani?

Lachinayi

Lero tikuyeserera ndi bokosi. Wosewera mtembo ndi a Declan, nkhalamba yoseka ndi aliyense. Ntchito yawo ndi kugona chagada sewero lonse, chivundikiro chotsegula. Apeza nthochi. Ndikufotokoza mwaulemu. Akuseka mpaka kutsokomola, azitulutsa zonse, asenda imodzi ndi mpeni, akutafuna yaiwisi.

"Lindiitane ine, ndinakonzeka kalekale!"

Alowamo. Sakukwana bwino, apinda mawondo. Chipinda chazizira mwadzidzidzi. Orla akuti ndi zenera. Zenera ndi lotseka.

Tsamba langa latsala liwu limodzi: "Wapita." Chabwino, liwu ndi liwu, bola ndiima pa siteji. Ndikuliyeserera m'basi pobwerera. Wapita. Wapita! Mayi amene ndinakhala naye wasamukira mpando wina.

Bokosi labwerera pabalaza popanda nthochi. Podutsa ndikulambalala, ndikupezeka ndati "zikomo".

Lachisanu

A Declan ali m'chipatala. M'mimba, thupi lonse kuzizira. Ndinanena ine!

Orla sakuona chodabwitsa. Akuti tingotseka chivundikiro, mtembo usaoneke. Koma pomaliza sewero amuna amanyamula bokosilo, ndipo likakhala lopanda kanthu limagwedezeka m'manja, aliyense aona kuti ndi bodza. Pakufunika cholemera. Ayesa mabuku, akugubuduzika m'kati ndi phokoso. Orla akuyang'ana uku ndi uku. Maso ake aima pa ine.

Ndalowamo, ndikukwana. Ngati kuti telala anandiyeza.

Nanga "Wapita" wanga? Cathal wamuchotsa. Akuti zili ndi mphamvu kwambiri womusamalirayo akamangotchulidwa osaoneka. Mphamvu! Kuntchito timakhala choncho tsiku lililonse, palibe anatiuzapo kuti ndi mphamvu.

Ndikanakana. Koma ndikakana sewero lafa, ndipo anthuwa alivutikira miyezi. Aboola timabowo topumira.

Tamanda sindinamuuze. Ndiyambire pati?

Loweruka

Ntchito kuyambira mbandakucha, kenako basi ya ku Tottenham. Bulauzi ndavalabe, lipisitiki ndapakabe. Ndinagula, nditaye?

Anditsekera anthu asanalowe. Mdima, fungo la nthochi. Manja ndaika pachifuwa chifukwa kwina kulibe koika. Mawu a osewera akumveka patali ngati ali kuseri kwa khoma. Akukangana za mtengo wa ndege, za manda a makolo, za amene sanabwere kudzazonda. Mawu omwewo amene timanena ife tikasonkhana pamaliro kuno. Ndikuopa, zoona ndikuopa.

Andinyamula. Ndipo kenako, liwu la Mai Nkhoma. Mayi amene uja sangaone bokosi likunyamulidwa iye n'kukhala chete, kaya ndi sewero kaya si sewero. Ayambitsa, amayi onse alandira. Azungu ndikuwamva akumina. Ndikumvetsera maliro anga omwe, ndipo akuyenda bwino kwabasi. Mantha aja akusungunuka. Muno ndi mofewa. Mulibe belu la wodwala, mulibe wondiitana.

Tulo.

Zotsatirazi ndachita kuuzidwa. Anthu anawomba m'manja, osewera anawerama, onse anatsikira kubala kukasangalala. Anandiiwala. Tamanda anakhala pampando wakutsogolo sewero lonse kudikira kuti amayi ake atulukire. Pomaliza anapita kwa Orla kukafunsa. Orla anangogwira pakamwa n'kuloza. Mwana anathamanga yekha, anakankha chivundikiro, anandipeza m'bulauzi yatsopano, milomo yofiira, manja pachifuwa, maso otseka, ndili zii.

"Amayi! Amayi, dzukani!"

Chichewa. Ndinachimva komaliza pakamwa pake asanayambe sukulu. Ndadzuka. Mai Nkhoma akuwa, agwera pampando. Tamanda wandikumbatira, ndipo ine manyazi andigwira kuposa tsiku lililonse la moyo wanga.

Lamulungu

A Declan atuluka m'chipatala. Adokotala akuti nthochi zimenezo sizidyedwa zaziwisi. Mai Nkhoma akuti adokotala anene zawo.

Orla waimba foni. Akuti nyimbo ija ndi imene seweroli limasowa, Cathal akulembanso mathero, akufuna amayi onse sabata yamawa, ndi ine m'bokosi. Amayi avomera kale, akukambirana za zitenje zofanana. Za ine wayankha ndi Tamanda, walanda foni, wanena liwu limodzi, wadula.

Ndiye zisudzo zanga zathera pomwepa. Pa siteji ndinafikapo, magetsi anali pa ine, koma panali thabwa pakati.

Mwini bala akukanabe. Bokosi lili pabalaza, mkoko watsopano uli m'kati, pamwamba ndayala nsalu. Mawa ntchito.

Tamanda wabwerera ku Chingerezi chake. Koma masana ano ndinagona pang'ono pasofa, ndipo ndamumva akubwera monyang'ama. Waima. Waika chala pafupi ndi mphuno yanga.

Sinditsegula maso. Ndikungopuma mokweza kuti amve.