Chilombo Chosafanana ndi Popi

Lolemba
Papita mwezi chigundidwire Popi ndi minibasi. Tadala, mwana wanga, satchula dzina la galu wakeyo, salira, saseka. Amangokhala duu pakhonde. Mtima ukundiwawa.
Ine amene ndimalemba "Chenjerani ndi Agalu" pamageti Kaliyeka yense, ndingalephere kumujambulira chilombo pakhoma la kuchipinda kwake? Chonga galu, koma osati galu. Chisamukumbutse Popi olo pang'ono. Malamulo a ubweya wake:
1. Thupi labuluu. Kulibe galu wabuluu.
2. Mawanga oyera pachifuwa, ofanana kumanja ndi kumanzere.
3. Nkhope yopanda banga.
4. Mapazi onse akuda.
Wophwanya lamulo atuluke m'chipinda!

Lachiwiri
Penti wabuluu wauma gwa m'chitini. Wotsala ndi wabulawuni wa pageti la Che Yusufu. Popi anali wabulawuni. Ndikudziuza kuti uyu ndi bulawuni wina.

Lachitatu
Mawanga ndayeza ndi lula, ndendende mbali zonse. Amake Tadala alowa ndi tsache. "Bambo a Tadala, ndi ng'ombe ya mkaka imeneyi?" Ndafufuta mokwiya. Latsala banga limodzi pakati pa chifuwa. Aaa, pomwe panali la Popi pomwepo!

Lachinayi
Ndawonjezera nyanga ziwiri ndi mapiko kuti chisiyaneko. Tadala waima pakhomo kanthawi ndithu, akuyang'ana. Koma pakhonde paja wachokapo.

Lachisanu
Ndabwerako ku Biwi kolemba chikwangwani cha saluni. Ndapeza phazi lakumanzere la chilombo chija layera, ndi mzere woyera kuchoka pamphumi mpaka pamphuno. Zala za Tadala zili mbuu ndi penti. Malamulo awiri tsiku limodzi! Mwini malamulone ndangotenga parafini n'kumupukuta m'manja, osafunsa.

Loweruka
Mapiko andichotsetsa amake. "Alandilodi akaona adzati tikutamba muno." Nyanga zapitira limodzi.
Ndaima chapatali kuyang'ana. Mayo ine! Ndi Popi weniweni. Sabata yonse ndakhala ndikujambula chinthu chomwe ndimathawa. Ndikuopa kuti mwana ndamutsegula bala. Mawa ndipaka laimu khoma lonse.

Lamulungu
Tabwerako kutchalitchi. Laimu ali m'ndowa, bulashi ili m'manja. Tadala wandikoka shati.
"Adadi, Popi mchira wake sunali wautali choncho. Anamudula ali kamwana."
Walitchula dzina! Kenako kulira, kulira kwenikweni, nkhope ataibisa pamimba panga. Nanenso ndalephera kudzigwira, bambo wamkulu ndevu pepeya. Amake aima pakhomo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.
Ndapaka laimu pamchira pokha. Ntchito yokonza malamulo ndaisiya, si yanga. Tadala akuti ndifupikitsenso pang'ono.