Nkhuku za Idi zinafa Chikatolika

Mpaka lero ku madrasa ya ku Ipusukilo sandilola kugwira mpeni, ngakhale wosendera mbatata. Nkhaniyi ndifotokoze ndekha, chifukwa amene amaikamba m'mabala a ku Kitwe amaithira mchere wambiri.

Mgodi utagulitsidwa, ine, shift boss woyang'anira anzanga pa ntchito, ndinali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti tikapume. Anzanga ena anabwerera kumudzi, ena anakhazikika pa mowa. Ine ndinakana zonsezo, n'kuyamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba. A Shehe, aneba athu, ataziona anandipempha kuti ndikaphunzitse anyamata a ku madrasa, sukulu yawo ya Chisilamu. Ambiri anali amasiye, ndipo Lachisanu lililonse ankakhala pageti la mzikiti atatambasula manja. A Shehe ankafuna kuti manjawo aphunzire ntchito ina. (Mkazi wanga, wapampando wa amayi kutchalitchi kwathu kwa Katolika, anangoti Mulungu awathandize Asilamuwo.)

Mwini butchala wina wa m'tauni anatipatsa anapiye, n'kulonjeza kuti adzagula nkhuku zonse pa Idi. Tonse tinkadziwa kuti zikapanda kugulidwa khola la ku madrasa litsekedwa, anyamata abwerera pageti.

Nkhuku zinanenepa mochititsa kaso. Mwezi wonse wa Ramadani anyamata ankasintha utuchi ndi kutunga madzi osalawa kanthu masana, milomo itauma gwa. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho ndicho chinandipalamulitsa. Idi itayandikira, a Shehe anati adzabwera dzuwa likakwera kudzazinga nkhuku. Ine mumtima ndinati munthu wamkulu, wosala kudya, avutikirenji ine ndilipo? Ndinalawirira, kunola mpeni, kutereka madzi. Zoti nkhuku ya Msilamu imafuna pemphero ndinkadziwa, sindine mbuli. Choncho iliyonse ndinkayamba ndaichitira chizindikiro cha mtanda, m'dzina la Atate ndi la Mwana, kenako mpeni pakhosi. Sindinadumphe ngakhale imodzi.

A Shehe ndi anyamata anapeza nthenga zili mbwee.

"Aneba, wazinga ndani?" anafunsa a Shehe.

Ndinadziguguda pachifuwa, n'kuwatsimikizira kuti zonse zapemphereredwa. Ndinawaonetsanso mmene ndinachitira, pang'onopang'ono, kuti aone bwino. A Shehe anangokhala pa ndowa yovundikira. Sanakalipe (bola akanakalipa). Anangoti sanganamize wabutchala uja, ndipo nkhukuzo sizingafike pa mbale ya Msilamu aliyense. Yusufu, wamkulu mwa anyamatawo, anaponya tsache pansi.

"Basi, Friday tibwerera ku gate."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa tsiku lomwe anandichotsa ntchito. Manyazi anandigwira, inde, koma mkwiyo unaposa. Mgodi unandilavula kale, ndiye nkhuku zakufa nazonso zindigonjetse? Firiji tinalibe, dzuwa linali litayamba kuswa mtengo. Ndinazilongedza mu wilibala, kuphimba ndi masaka onyowa, ulendo kwa mkazi wanga.

Anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anamanga chitenje n'kuyamba kugogoda pamakomo a amayi a mphakati, akulengeza kuti kwabwera nkhuku zofa ndi madalitso onse. Zotsala ndinapita nazo kubala, kumene anzanga akale a kumgodi ankagawana botolo limodzi.

"Ba shift boss, lelo muleshitisha inkoko?" anandizuma wina m'Chibemba.

Ndinamuyankha kuti inde, ndikugulitsa nkhuku, pomwe iye anagulitsa kale mipando ya m'nyumba mwake. Anzake anamuseka, ndipo pofuna kubisa manyazi anagula. Dzuwa lisanalowe wilibala inali mbee.

Wabutchala uja anadya Idi popanda nkhuku zathu, ndipo mpaka pano akandiona amawoloka msewu. Sanatipatsenso mwanapiye ngakhale mmodzi. Tinagula tokha ndi ndalama zimene ndinapeza pa nkhuku za mu wilibala zija, ochepa kuposa oyamba, koma athuathu. Lachisanu linafika, Yusufu anakapemphera n'kubwerera kukhola.

Masiku ano amazinga ndi a Shehe, ine ntchito yanga n'kugwira miyendo ndi mapiko. Ndinazindikira mochedwa kuti anandisankhira dala ntchito yofuna manja onse awiri. Palibe kanthu, a Shehe. Manja munawamanga, koma zimene ndimanong'oneza nkhuku iliyonse mumtima simuzimva.