Makina Olankhula Ngati Bambo a Amina

Lolemba

Wailesi yandiwonongera tsiku. Ndili pamsika pano pa Nkope, ndikuunjika tomato, ndiye akulankhula bambo wina wophunzira kwambiri, wa mawu osalala ngati wamwa mafuta. Akuti zaka zikubwerazi makina azilankhula ndi mawu a munthu aliyense. Kungowapatsa kavoisinoti kamodzi, basi, aphunzira. Kenako azipanganso nkhope yoyenda pa vidiyo. Akuti ngakhale mayi wobereka sadzasiyanitsa. Akunena zimenezi akuseka!

Aseke iwo, akazi awo ali pakhomo. Ine amuna anga, bambo a Amina, ali ku Joni. Ukwati wanga wonse uli m'foni. Ndipo munthuyo mavoisinoti amawamwaza ngati akufesa mpunga: kwa ine, kwa mayi awo, ku gulu la mpira, ku gulu la anthu akumudzi. Kwina amachita kuyimba.

Ndiye tsiku lina wanjiru wina, monga Mariamu wogulitsa zitenje uja, amene mpaka pano zimamuwawa kuti amuna anga sanakwatire iye, adzauze makina kuti "nena talaka". Ine ndimve mawu a amuna anga akundisiya ukwati. Ndidzatani? Ndilire? Ndithamangire kwa ankhoswe?

Sindidikira zimenezo. Pulani nayi:
1. Mawu achinsinsi, odziwa awiri basi.
2. Woyimba foni ayambe watchula mawuwo. Apo ayi, ndidula.
3. Osawalemba paliponse. Muno mokha.

Mawu ake: chigumu.

Lachiwiri

Ndawayimbira m'mamawa asanapite kuntchito. Ndili kuseri kwa bafa, ndikufotokoza bwinobwino, monong'ona. Iwo kuseka mpaka kutsamwa. "Ndiye makinawo abwere msanga, akhale amuna anu, ine ndipumeko." Kenako mokuwa: "Mwati chani? Chigumu? CHIGUMU?"

Kumbuyo ndikumva amuna akufa ndi phwete. Foni ili pa sipika! M'chipinda chomwe amagonamo mothithikana, onse a kuno kwathu!

Pofika masana nkhani yawoloka malire onse popanda pasipoti. Amene andipatsa moni wa "Mwaswera, a Chigumu" lero:
- wakabaza
- mayi wa zitumbuwa
- Mariamu. Mariamu!
- mwana wanga yemwe, Amina

Madzulo ndayimbanso. Ndawalumbiritsa Wallahi kuti sipika yatsekedwa. Mawu atsopano: kambuzi. Akuti amva. Amva chani, ndikuchita kuwamva akutafuna.

Lachitatu

Apongozi atulukira kuchokera ku Nkhudzi, osatumiza ndi uthenga womwe. Akhala pamkeka, tiyi akana. Amva kuti ndapatsa mwana wawo "mawu". Akufuna kudziwa kuti mawuwo ndakawatenga kwa sing'anga uti.

Ndafotokoza za wailesi kuyambira pachiyambi. Ndabwereza. Ndabwerezanso m'Chiyawo.

"Ine ndinamubereka, ndinamuyamwitsa, lero ndizipempha chilolezo kwa mpongozi kuti ndilankhule ndi mwana wanga?" Akufuna mawu awoawo. Ndakana. Akufuna anga. Ndakananso. Andifulatira.

Patapita nthawi afunsa motsitsa: ngati makinawo adzatha mawu a aliyense, angadzathe a malemu amuna awo? Ali ndi kavidiyo ka pa ukwati wathu, mmene malemuwo akutilangiza. Wa pa wailesi uja izi sananene. Ndi bwino kudzutsa mawu a munthu amene Allah anamupumitsa? Ndipo zimene angalankhulezo zikhala zake kapena za wogulitsa makina? Mtima wanga wafewa, ndawagwira dzanja.

"Ndikufuna andiyankhe za mkazi wa ku Namwera uja," atero.

Agona konkuno. Chambo chomwe ndimasungira mawa chapita.

Lachinayi

Zayambika! Sindinanene ine?

Nambala yachilendo ya ku Joni. Mawu ofanana ndi a bambo a Amina, koma osasa, olemera, ngati akulankhulira m'chidebe. "Mayi a Amina, ndine." Ndati tchulani mawu aja. Akuti: "Chigumu."

Chigumu! Chimene akuchidziwa ndi agalu omwe a pa Nkope! Ndadula.

Ayimbanso. "Aa, tasiyani zachibwana, tamverani kaye." Ndati mawu. "Kambalame? Kamba? China chake choyamba ndi ka." Ndadula.

Kachitatu andipeza nditakonzeka. Ndaimirira pakati pa bwalo, chitenje m'chiuno. Zimene ndachiuza:
- iwe ndiwe chitsulo chopanda mayi
- ukauze amene wakutumayo kuti ukwati uno anamanga ndi ashehe, osati netiweki
- ngakhale amuna anga enieniwo, ndi makutu awo aja ngati a mleme, sangalankhule mopusa chonchi

Ndayibuloka nambalayo. Thukuta kamukamu, koma mtima mbee.

Apongozi anali kunyanja kukachapa. Pobwera ndawafotokozera zonse. Angondiyang'ana, osayamikira n'komwe. Nsanje basi.

Masana ndadutsa dala pa benchi ya Mariamu. Ndamuuza mawu amodzi: "Zakanika!" Wandiyang'ana ngati sakudziwa kanthu. Amatha kunamizira mtsikana ameneyu.

Nambala yeniyeni ya bambo a Amina sikupezeka. Mwina batire.

Lachisanu

Itatha swala ya Ijuma kumzikiti ndapita kwa ashehe, ndakhala pakhonde ndi akazi awo. Funso: makina akanena talaka ndi mawu a mwamuna, ukwati watha?

Akuti ayi. Talaka imachokera kwa mwamuna mwiniwake, chitsulo chilibe cholinga mumtima chifukwa mtimawo chilibe. Chabwino. Nanga ndidzadziwa bwanji kuti uyu ndi mwamuna, ichi ndi chitsulo? Nanga mwamuna atanenadi yekha, mawa n'kusintha maganizo, n'kunamizira makina? Amuna a kuno ndimawadziwa. Adzanamizira makina ndi mimba zomwe!

Agwira ndevu nthawi yaitali. "Allah ndiye adziwa. Mubwere sabata yamawa."

Akazi awo: "Atabwera makina oterowo, awa bwenzi akuwatuma kuti aziyankha milandu yanuyi, eni ake ali gone." Aseka awiriwo. Aliyense akuseka sabata ino. Dziko likulowera kuphompho, anthu mano pamtunda!

Foni ya bambo a Amina ikadali chete. Amina wayamba kufunsa. Ndamukalipira popanda chifukwa.

Loweruka

Mlamu wanga Asiyatu, mlongo wawo wa bambo a Amina, wafika m'mawa nkhope itagwa, foni m'manja. Uthenga waupeza kudzera kwa mnzawo wina wogona nawo chipinda chimodzi.

Amene ankayimba Lachinayi aja anali iwo, bambo a Amina enieniwo.

Lachitatu chifuwa chinawagwira mwamphamvu, kuzizira kwa kumeneko. Anzawo anathamangira nawo kuchipatala, foni n'kutayika mu tekisi. Atapezako mphamvu anabwereka foni ya wodwala wa bedi loyandikana. Nambala yomwe amaidziwa pamtima ndi yanga yokha. Ya mayi awo ayi, ya Asiyatu ayi. Yanga.

Ndipo mwini foniyo ndi wa ku Machinga. Anamva zonse, n'kumasulirira wodi yonse. Ndi za makutu zomwe.

Ndinawatchula "iwe". Chikwatiranire sindinayambe ndatero.

Voisinoti yawo kwa Asiyatu ndi yaifupi: "Muwauze mayi a Amina kuti chitsulo chatuluka m'chipatala."

Apongozi akumanga katundu wawo, akupukusa mutu. "Ine ndikanamuzindikira ndi kutsokomola komwe." Zosavuta kunena munthu uli kunyanja!

Olakwa pa nkhaniyi:
1. Bambo wa pa wailesi. Anati ZAKA zikubwerazi, koma osanenetsa kuti si sabata ino.
2. Bambo a Amina. Kambuzi n'kovuta chani kukumbukira?
3. Wa ku Machinga. Anamupempha ndani kumasulira?
4. Uyu sindimulemba.

Asiyatu akuti ndikapepesenso Mariamu. Bola kufa.

Lamulungu

Ndatumiza mavoisinoti opepesa ku foni ya mnzawo uja. Onse amvedwa. Yankho palibe. Kumsika sindinapite. Tomato akuwola, awole. Wailesi ndaivundikira ndi beseni.

Chakumadzulo foni yalira. Nambala inanso yachilendo. Moni palibe, dzina palibe. Kutsokomola kwa nthawi yaitali, kenako: "Mwadya chani kumeneko?"

Sindinafunse mawu aliwonse. Ndati usipa. Ati usipa ausowa. Mayunitsi akungotha, koma palibe wofuna kudula.

Makina aja adzabwera ndithu, ndipo ine sindidzawazindikira. Ashehe alibe yankho, wa pa wailesi ali kwawo akudya bwino. Kaya anali iwo, kaya ayi, ndawauza kuti avale majuzi awiri, amwe madzi otentha a mandimu, azisamba masana okha.

Ati, "Chabwino, mayi."