Kamlatho Kathu Kakula mu Kompyuta

Lolemba

Yafika! Pulogalamu yatsopano yowerengera milatho, pa sidi, kuchokera ku Blantyre. Ndikuilowetsa ndekha mu kompyuta ya mu ofesi, pulogalamu yakale ija ndikufufuta osayang'ana kawiri.

Ntchito yoyamba: kamlatho ka kutsinde kwa phiri la Michesi. Anthu akumeneko anatuta kale miyala ndi mchenga, akungodikira simenti. Bwana akuti mawerengero akhale patebulo pawo Lachisanu, apo ayi lole ya simenti ipita kwina, mchengawo ukokoloke ndi mvula yoyamba. Ine: "Mawa lomweli, bwana."

A Namakhwa, kapitawo wathu wa zomanga, andisiyira miyeso pa kapepala. Mafiti ndi mainchesi, monga mwa masiku onse. Mamita amati ndi za ana asukulu. Ndimawakonda madala amenewa, koma za pensulo zatha basi.

Lachiwiri

Ndikusankha mafiti, ndikulowetsa manambala, ndikudina. Yankho: matumba a simenti oposa chikwi! Zitsulo zonenepa ngati mwendo wanga. Kamlatho kodutsa njinga ndi mbuzi!

Kuzimitsa, kuyatsa. Chikwi chomwecho.

A Namakhwa akusuzumira paphewa panga. "Kodi mwananga, tikuwolotsa sitima?" Akuseka mpaka kutsokomola.

Lachitatu

Amene ndikuwakayikira:
– fumbi (ndapukuta, palibe chasintha)
– magetsi, athima kawiri
– vairasi
– amene anakhalira sidi ija mu minibasi
– ine mwini

Bola ndibwezeretse yakale ija. Madisiki ake anali asanu, ndapeza anayi. Yachisanu ndi ija takhala tikuvundikirira makapu a tiyi chiyambire chilimwe. Amene anayambitsa ndine.

Lachinayi

M'mawa wonse pa foni ya bwana, kusaka amene anatitumizira sidi. Wapezeka masana, akutafuna. "Kunotu ikugwira bwinobwino, achimwene. Mwayesa kuzimitsa?"

Ndazimitsa foniyo.

A Namakhwa andibweretsera kalongonda m'kambale. "Idya kaye, manambala alibe miyendo." Chibwerereni kuno kuchokera kwathu ku Dowa, ndi iwo okha amaona kuti sindinadye. Ndikudya, maso ali pa chikwi chija.

Lachisanu

Palibe. Palibiretu!

Satana akundinong'oneza kuti ndingochotsa maziro awiri ndisayine. Ayi. Pamlathopo padzadutsa anthu.

Bwana adutsa pakhomo kawiri osandifunsa kanthu. Bola akanandikalipira. Lole ikulira panja, ine ndikunamizira kufuna china pansi pa tebulo. M'mutu muli amayi aja anasenza miyala pamutu mwezi wathunthu. Manyazi andigwira, sindikubisa.

Loweruka

Mu ofesi ndekha. Ndasiya za mlatho, ndikuyesa tebulo langa lomweli: mafiti anayi. Ndikulowetsa. Chithunzi chikutuluka, tebulo lalitali moti m'chipinda muno silingalowe.

Ndakugwira, mbava iwe! Pulogalamuyi pamwamba ikulemba mafiti, m'kati ikuwerenga mamita. A ku Blantyre sangazione, onse kumeneko ndi a mamita. Ofesi imene ikadali ndi a Namakhwa ndi yathu yokha.

Ndikusintha miyesoyo ndekha kukhala mamita. Matumba makumi atatu ndi limodzi. Ndikuvina pang'ono, kenako ndikukumbuka kuti Lachisanu linali dzulo.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi, molunjika kwa a Namakhwa, kukapepesa ndi kufunsa kuti anthu aja tikawauza chiyani. Ndawapeza akumata chubu cha njinga.

"Simenti? Inatsitsidwa Lachisanu madzulo. Amayi aja analulutira."

Zoona zake: Lachitatu a Namakhwa anapereka kwa bwana mawerengero awo a pensulo, pa tsamba long'amba m'kope. Matumba makumi atatu ndi awiri. Limodzilo akuti ndi loti lina limang'ambika potsitsa, chimene kompyuta sinachionepo.

Nanga osandiuza bwanji, ine ndikuonda sabata yonse?

"Unali m'kalasi, mwananga. Ndikanakusokoneza."

Ndimafuna kukwiya, koma zakanika. Ndawagwirira chubu mpaka guluu wauma.

Kalata ya ku Blantyre ndilemba, aikonze pulogalamu yawoyo. Mawa m'mamawa tikupita kumtsinje pa njinga, ndipo a Namakhwa andipezera kale ntchito: ine ndizigwira nsonga ya tepi yoyezera, iwo aziwerenga.