Mdala Wathu ndi Zida Zake

Funso limene lakhala likundivuta kwa zaka zambiri ndi ili: kodi munthu anganene kuti ankakonda chinthu ndi mtima wonse, ngati anachikana tsiku loyamba limene anafunsidwa za icho ndi munthu wogwira cholembera? Ndikufunsa chifukwa ine ndinakana. Ndipo kuti manyazi akwanire bwino, ndinakana nditavala mathalauza awiri.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Nditangomaliza maphunziro a ku yunivesite, boma linanditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Boma la Chitipa. Kwathu ndi ku Ntcheu, choncho ndinafika ndi sutikesi, wailesi ya kaseti, ndi chikhulupiriro chakuti m'boma lonselo munalibe munthu womvetsa zinthu kuposa ine. (Chikhulupiriro chimenechi ankatipatsira pamodzi ndi satifiketi.)

Zosangalatsa zinali zochepa. Koma ansembe a ku Kaseye anali ndi makina oonetsera kanema, ndipo Loweruka limodzi pamwezi, masana, ankatchinga mawindo a holo ndi mabulangete n'kuliza injini yamagetsi. Mafilimu awo anali atatu okha. Imene inkabwerezedwa kwambiri inali ya msilikali wobwerera kwawo wapansi, kudutsa m'mapiri. Azungu a m'menemo ankayankhula mothamanga, sipika n'kukhalanso yong'ambika, moti ngakhale ine wa digiri ndinkangotolako mawu apa ndi apo. Komabe panalibe amene ankasokera. Chitoliro chikayamba chokha, chapansipansi, amayi ankagwira tsaya, podziwa kuti munthuyo wakumbuka kwawo. Ng'oma zikalowa, holo yonse inkakuwa kuti, "Wafika! Thawa iwe!" chigawenga cha mufilimuyo chisanaoneke n'komwe. Ndinazindikira kuti amene ankatisimbira nkhaniyo sanali anthu ooneka pansaluwo ayi, koma munthu wina wosaoneka, amene anapeka nyimbozo.

Si ine ndekha amene ndinazindikira zimenezi. Tsiku lina filimu itatha, anthu akukankhana pakhomo, ndinaona bambo wina atakhalabe pabenchi, akukopera m'kabuku maina amene amakwera pansalu kumapeto. Anali a Simkonda, wogwira ntchito ya zankhalango ku Mughese, m'mapiri a ku Misuku, amene ankatsika mapiri onsewo, kwina pa lole ya khofi kwina pa njinga, kuti adzamve chitoliro chimenecho.

"Mwaghona, asambizi," anandilonjera m'chiyankhulo cha kwawo, kutanthauza kuti mwadzuka bwanji aphunzitsi. "Namwe mwamumva munthu uyu? Uyu si munthu wamba yayi. Amayowoya, amayankhula ndithu ndi chitoliro."

Dzina la wopeka nyimboyo linali lopinda lilime, choncho tinangomutcha kuti Mdala. Ansembe anatiuza kuti kwawo ku Ulaya anali wotchuka kwambiri, ndipo anali atapeka nyimbo za mafilimu ambiri. Patapita miyezi, msuweni wa a Simkonda anawabweretsera kaseti ya nyimbo zake kuchokera kutsidya la mtsinje wa Songwe, kunja kwa dziko lino. Iwo anali ndi kaseti, ine ndinali ndi wailesi, ubwenzi unakhazikika. Akabwera kwanga ankadzera kuseri, popeza khomo langa linayang'anizana ndi la ahedi, amene akaona mphunzitsi ali ndi mlendo ankakumbukira ntchito yoti amutume. Akafika pawindo ankaimba mluzu wa chitoliro chija, ine n'kuyankha ndi mbali yotsatira. Tikatero tinkakhala chete mpaka kaseti ithe. A Simkonda ankavula chipewa. Ankati nyimboyo imayenda ngati nkhungu ikamalowa m'nkhalango m'mawa, osaiona pamene yayambira. Ine ndinkawayankha ndi mawu a m'mabuku, amene lero ndikuvomera kuti sankafika pa awowo.

Tsoka linabwera pa Lachitatu. Ahedi anandituma kuti ndilembe maina a ophunzira amene adzavine pa msonkhano wa Chipani, ndi kuwatumiza ku ofesi ya Chipani pa Boma. Tsiku lomwelo dalaivala wa lole ya khofi ankapita ku Misuku, choncho ndinalemberanso a Simkonda kakalata. Masiku amenewo ndinkanyadira kulemba mwachidule, mosatchula zinthu maina ake, ngati anthu ozama. Kakalatako kanali motere:

"Achimwene, ndaganiziranso zonse zija ndipo ndatsimikiza: Mdala wathu ndiye ngwazi yeniyeni, enawa amangochita phokoso. Bwerani Loweruka ndi katundu wa kutsidya uja. Ine ndakonza zonse kuno. Chizindikiro ndi chomwe chija, pawindo lakuseri."

Maenvulopu anali awiri, onse akhaki. Owerenga aona kale chimene chinachitika. Ine ndinachiona patapita masiku atatu.

Loweruka mluzu unamveka pawindo. Ndinayankha mokondwa. A Simkonda analowa atanyamula pepala.

"Asambizi, ichi nchivichi? Mwanditumizira maina a ŵana makumi anayi. Mukufuna akadzale mitengo?"

Ndinakhala pansi pamene panalibe mpando.

Kwa amene sanakhaleko nthawi imeneyo ndifotokoze. Mawu akuti ngwazi anali ndi mwini wake mmodzi m'dziko lonse. Mbuzi yolimba pomenyana sunkaitcha choncho pagulu, nanji munthu. Ndipo kutsidya la Songwe kunali anthu ena amene anathawa m'dziko muno, amene ngakhale kutchula maina awo kunali kudziputira mavuto. Ine ndinali nditasonkhanitsa zonsezi m'mizere inayi, n'kusaina dzina langa mooneka bwino, n'kuzitumiza ku ofesi ya Chipani.

A Simkonda atamva, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anasiya.

"Akakufunsani, muyowoye unenesko basi," anatero, kutanthauza kuti ndikanene zoona zokhazokha. "Nyimbo si mlandu yayi. Muwauze kuti nkhani iyi ndi yathu tonse awiri. Ine nilipo."

Anasiya kasetiyo kwanga, chifukwa panjira ya ku Misuku apolisi ankasecha zikwama.

Lolemba m'mawa ndinapita ku ofesi ya Chipani ndi maina aja, ndikumwetulira ngati munthu wodzapepesa kanthu kakang'ono. Kalaliki wa pamenepo analandira mainawo, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kalata ina ija yapita patsogolo," anatero.

"Patsogolo pati, bwana?"

"Patsogolo."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuchita zinthu zimene munthu wophunzira sayenera kuvomera poyera. Ndinakameta tsitsi, lomwe linali lalifupi kale. Khadi la Chipani ndinaliika m'thumba la malaya, kansonga kake kakuonekera. Kaseti ndinaikulunga m'pepala n'kuikwirira m'thumba la ufa. Ndipo popeza ndinamva kuti otengedwa amapita ndi zimene avala basi, ndinayamba kuvala mathalauza awiri ndi juzi mkati mwa jekete. Unali mwezi wa Okutobala. Ndinkaphunzitsa thukuta likudontha pa choko, ndipo galimoto iliyonse ikamveka pamsewu ndinkaima pakati pa chiganizo. (Ophunzira anaganiza kuti ndi malungo, ndipo mmodzi anandibweretsera masamba oti ndiwiritse.)

Lachinayi ahedi anandiitana, osandiyang'ana kumaso, nandiuza kuti ndikufunidwa pa Boma nthawi ya teni koloko.

Amene anandilandira anali wapolisi wosavala yunifolomu, a Makwinja, munthu wa kummwera, wonenepa pang'ono, woyankhula mofatsa ngati mlaliki wotopa. Kakalata kanga kanali patebulo, mawu anayi atalembedwa mzere wofiira kunsi.

"Khalani, aphunzitsi. Mwafunda bwanji, kukuzizira kwanuko?"

"Pang'ono, bwana."

"Mdala ameneyu ali kuti?"

"Ali ku Ulaya, bwana."

Analemba. "Anathawira liti?"

"Sanathawe, bwana. Ndi kwawo."

"Amachita chiyani kumeneko?"

Apa ndinaona mpata wofotokoza, ndipo ndinaugwiritsa ntchito ngati munthu amene akufuna kumangidwa tsiku lomwelo. "Amatsogolera gulu, bwana. Lalikulu ndithu. Iye amangoima patsogolo n'kukweza dzanja, onse n'kuyamba pamodzi."

"Ali ndi zida?"

"Zambiri, bwana. Zamitundumitundu. Zina kuno sitinazionepo."

Cholembera chinaima. A Makwinja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo m'pamene ndinamva zimene pakamwa panga panali patanena.

"Zoimbira, bwana! Zida zoimbira! Zitoliro, malipenga, ng'oma!"

"Ng'oma," anabwereza, n'kulembanso. "Nanga katundu wa kutsidya?"

Ndinafotokoza za kaseti, za filimu ya ku Kaseye, za mabulangete a pamawindo. Ndinayankhula motalika, ndipo sindikukhulupirira kuti panali chiganizo chimene chinafika kumapeto kwake. Iwo ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chabwino. Chizindikirocho ndi chiti?"

"Ndi mluzu chabe, bwana."

"Imbani timve."

Ndinasongola milomo. Panatuluka mpweya wokha, ngati tayala la njinga likuphwa. Ndinayesanso. M'kamwa munali mouma ngati mwa munthu wodya chimanga chokazinga. A Makwinja ananditungira madzi m'kapu yachitsulo. Ndinamwa, theka n'kutayikira pa thalauza lakunja. Kachitatu kanatuluka kamawu kofanana ndi ka mwanapiye. Ndinaganiza kuti tsogolo langa lonse, digiri yanga, amayi anga ku Ntcheu, zonse zatsamira pa mluzu umene ndinkauimba tsiku lililonse posamba, ndipo lero wandithawa.

A Makwinja anadzuka, natseka chitseko. Anabwerera pampando, naika cholembera pansi, nayang'ana kudenga. Kenaka anaimba mluzu.

Chinali chitoliro cha Mdala, chonse, choyera, mpaka pamalo pamene chimatsika ngati munthu akukhala pansi atayenda ulendo wautali, pamene ine ndi a Simkonda tinkalephera nthawi zonse.

"Ndi imeneyi?" anafunsa.

"Ndi yomweyo, bwana."

"Filimuyo ndinaionera kasanu ndi kawiri ndili ku Limbe," anatero, maso akadali kudenga. "Pamene msilikali uja akuona denga la nyumba yake patali. Eee. Munthu ameneyu anapatsidwa."

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, tonse tikuseka. Koma a Makwinja anatolanso cholembera, nkhope n'kubwerera m'malo mwake.

"Aphunzitsi, ine ndamva. Koma kalatayi inadutsa m'manja ambiri isanafike pano, ndipo mawu awa," anagogoda pa mzere wofiira wa kunsi kwa mawu akuti ngwazi, "sangafufutike ndi mluzu. Lipoti liyenera kunena kumene zinthuzi zinachokera. Kasetiyo ndi ya yani? Anayambitsa zomvera nyimbo za kutsidya ndani?"

Yankho loona ndinali nalo, ndipo a Simkonda anali atandipatsa kale chilolezo cholinena: ndi yathu tonse awiri. Ndakhala ndikuyesa kukumbukira ngati ndinaganizako kaye. Sindikukhulupirira kuti ndinatero. Mawu anatuluka osalala, m'Chichewa chabwino kuposa chonse chimene ndinayankhula tsiku limenelo.

"Ndi ya a Simkonda, bwana, a ku Mughese. Ine nyimbo zimenezi sindizikonda kwenikweni. Ndimangowabwereka wailesi."

A Makwinja anandiyang'ana. Sanali maso a wapolisi. Anali maso a munthu amene wangoimba kumene nyimbo imene amaikonda pamaso pa mlendo, mlendoyo n'kunena kuti alibe nayo ntchito.

"Simuzikonda," anatero.

"Osati kwenikweni, bwana."

Analemba mzere umodzi, nandiuza kuti ndisaine. Kenaka anandituma kuti ndikatenge kasetiyo, ikhale umboni. Ndinathamanga mtunda wonsewo ndi mathalauza anga awiri, n'kubwera nayo itayera ufa, popeza pepala lija linali litang'ambika. Anaiuzira mosamala, naipukuta ndi mpango wawo, naiika m'thumba la malaya, osati m'faelo.

"Pitani mukaphunzitse ana. Ndipo mawu ena aja muziwasiyira eni ake."

Sindinamangidwe. Sindinachotsedwe ntchito. Lamlungu lililonse masana, ndikadutsa kuseri kwa nyumba za apolisi pochokera kumsika, ndinkamva chitoliro cha Mdala chikutuluka pawindo lina, ndipo ndinkafulumiza mwendo.

A Simkonda anabwera kamodzi kokha pambuyo pake. Anaimba mluzu pawindo. Ine ndinatsegula chitseko osayankha. Ndinawauza kuti nkhani yatha bwino, kuti kaseti yalandidwa, kuti wapolisiyo ndi mnzathu pa za Mdala. Anaseka kwambiri za zida zija. Za chiganizo changa chomaliza sindinawauze.

"Yewo, asambizi," anatero potsanzika. "Mwatiimirira."

Patapita miyezi iwiri anawasamutsira kuchigwa cha kummwera kwenikweni, kutali ndi nkhungu ya ku Mughese, kutali ndi akazi awo amene anatsala kusamala munda wa khofi. Anthu a zankhalango ankasamutsidwa kawirikawiri masiku amenewo, ndipo n'kutheka kuti dzina lawo linali kale pamndandanda. Ndakhala ndikudziuza zimenezi mwaluso ndithu, monga munthu wophunzira. Ndinawalembera makalata atatu, omveka bwino, otchula chinthu chilichonse dzina lake. Sindinalandire yankho.

Lero nyimbo zonse za Mdala ndili nazo mufoni, ndipo adzukulu anga amadziwa kuti chitoliro chija chikayamba, agogo sayankhulitsidwa. Amauza anzawo kuti palibe amene amakonda nyimbo zimenezi kuposa ine. Koma pepala lokhalo limene ndinasainapo dzina langa pa nkhaniyi likunena kuti sindizikonda kwenikweni, ndipo m'munsi mwake muli dzina la a Simkonda. Sindikudziwa amene analiwerenga.