Dothi la m'dzenje la malume

Galimoto ya malume mpaka lero imayenda mopendekeka, ndipo kwathu ku Luveve, komwe timakhala pakati pa Amandebele, nkhaniyi ikabuka onse amayang'ana ine.

Malume anafuna dzenje lokwiriramo thanki ya madzi kuseri kwa nyumba. Ntchito yoyeza anandipatsa ine, poti ndinalawako maphunziro a zomangamanga ku koleji (ndinachokako mwaulemu, mayeso asanafike). Lamulo linali limodzi: pabwalo pakhale poyera Loweruka, chifukwa kunkabwera akuchimuna kudzafunsira mwana wa malumewo, Tiyanjane.

Ndinayeza dzenje: mamita awiri m'litali, imodzi m'lifupi, imodzi kuya. Ndinayezanso kumbuyo kwa pikapu ya malume, yomwe anaiikira matabwa m'mbali. Zinafanana ndendende.

"Ulendo umodzi basi, malume," ndinatero, pensulo ili pakhutu.

Titakumba, mulu unatuluka waukulu kuposa dzenje lake. Pansi dothi limakhala lotsendereka. Likatuluka limamasuka, mpweya n'kulowa, n'kufufuma ngati ufa wokanda wa mandasi. Malume anayang'ana mulu, anayang'ana dzenje.

"Iwe injiniya, lina wabweretsa kuchokera kuti?"

"Ndi lathu lomweli, malume. Langodzimva."

Loweruka m'mawa tinapakira. Pikapu inadzadza mulu ukadalipo, ndiye ndinakwera n'kumapondaponda kuti lonse likwane. (Apa ndinkadziona wanzeru.) Zoti dothi lodzadza mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani, pomwe galimotoyo imanyamula tani imodzi yokha, sizinandifikire. Komanso linali litanyowa ndi mvula.

Malume analiza injini. Galimoto inayenda modandaula mpaka pageti penipeni, kunamveka "thwa!", ndipo inakhala pansi ngati ng'ombe yokana goli. Sipuling'i inali itathyoka. Polowera panatsala poti n'kudutsa mphaka.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka odi waulemu wa Chindebele: "Ekuhle!" Anali akuchimuna, Amandebele a masuti, mkamwini Sipho ali kumbuyo, nsapato zikuwala. Pamwambo wawo salowa asanalandiridwe, ndipo ife tinalibe powalandirira. Tiyanjane anasuzumira pawindo n'kundiloza ndi mpeni wa anyezi.

Malume anatsika, anadzisasa fumbi, nkhope ili gwa.

"Takulandirani, madoda. Kwathu ku Chipata mkamwini salowa pakhomo asanagwire ntchito. Mafosholo ndi awa."

Anthu aja anayang'anizana. Wamkulu wawo anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino. Anatsitsa dothi lonse, anakankha galimoto, Sipho akutuluka thukuta mpaka tayi inasintha mtundu. Ine ndinkayang'anira ntchito.

Ukwati unatheka. Phunziro lake ndi lakuti dothi liyezedwe katatu: lili pansi, litatuluka, ndi pa sikelo. Koma alamu anga a Sipho anatolapo lina. Mwana wawo wamkazi akadali ku pulayimale, iwo anagula kale mafosholo, ndipo akuti tsiku lake likadzafika woyeza dzenje ndidzakhale ine.